Musanagule processor, yambani mwaona motherboard

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi abale anga a ku Malawi amene tili kuno ku Johannesburg, makamaka inu amene mumagula makompyuta akale a patebulo mumsika wa kaunjika kuti mutumize kumudzi azikalembera ma CV ndi kupulinta. Ganizo labwino ndithu, koma ndalama zikutayika pa processor, kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa kompyuta.

Ambiri akamva kuti makina awo ndi a socket (malo olowetsamo processor) ya LGA 775 amangothamangira kugula processor ya Core 2 Quad poganiza kuti bola yalowa basi iyaka, ayi ndithu, chimene chimalamula ndi chipset (tizipangizo toyendetsa bodi) ya pa motherboard, bodi yaikulu ya mkati mwa kompyuta, komanso BIOS, pulogalamu yoyatsira makina yokhala pa bodipo. Bodi ya chipset ya 915, ya nthawi ya Pentium 4 ija, Core 2 Duo siyiyidziwa ngakhale ikhale bwinobwino pamalo pake. Pomwe chipset ya G31 kapena G41 imalandira Core 2 Duo E8400, ya 3.0 GHz, yomwe inatuluka mu 2008, ndipo ineyo ndimayikonda chifukwa imadya ma watts 65 okha pomwe Core 2 Quad Q6600 imafuna 95 kapena 105, ndiye mu kabokosi kothina kokhala ndi fani yotopa mukungoyiwotcha.

Lembani nambala ya bodi, fufuzani pa intaneti mndandanda wa ma processor amene imalola, kenako mupite kwa wogulitsa. Thermal paste, phala lopaka pa processor kuti isatenthe kwambiri, musaiwale. BIOS ikafunika update chonde musayambe nthawi ya load shedding ili pafupi, magetsi akathima pakati bodi ikhoza kufa.

Komanso makina amenewa Windows 11 savomerezedwa, ndiye mudziwiretu musanawakweze basi.

Wanu wowerenga,
ku Yeoville, Johannesburg