Kwa mwana wanga ku Yeoville: funsa chiphaso usanatsegule botolo

Mwana wanga,

Foni sukuyankha, ndiye ndati ndilembe, uwerenge ukaweruka. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, mayi ena akwathu anandikokera pambali n'kundiuza kuti pa bala pomwe ukugwira ntchitopo pamadzaza ana asukulu Lachisanu lililonse, ndipo amene amawatsegulira mabotolo ndiwe. Akuti mnzako uja wa pakhomo amalandira kangachepe kwa anawo, akalowa iwe sufunsanso chifukwa adutsa kale kwa iye. Tulo sindinatione. Mnyamata ameneyu mtima wanga unamukana tsiku lomwe unabwera naye kuno ku Randburg, uja anandipatsa moni maso ali pafoni.

Mvetsa bwino. Lamulo la dziko lino la South Africa likuletsa kugulitsa mowa kwa munthu amene sanakwane zaka 18, ndipo apolisi akadzalowa adzafunsa amene wapereka mowawo. Mnzakoyo adzakhala atasowa. Bwana wako adzateteza laisensi yake ya ku Gauteng Liquor Board, adzanena kuti anakulangiza koma sunamve. Wotsala ndiwe, mlendo. Waiwala mmene tinavutikira mapepala ako? Mlandu umodzi wokha ungakufikitse ku Lindela, ku Krugersdorp kuja, komwe amasungira alendo oti abwezedwe kwawo, ndipo ine ndilibe mphamvu zokaima pageti limenelija.

Koma si apolisi okha akundiopsa. Unali kuno mu June 2022 pamene ana 21 anafera mu Enyobeni Tavern ku East London, atapita kukasangalala kuti amaliza mayeso. Wamng'ono kwambiri anali ndi zaka 13. Tinaonera limodzi pa TV makolo ataima panja kudikira kuti akazindikire mitembo, iwe unadzuka n'kutuluka, nsima osaimaliza. Anawo analowa pakhomo pali munthu, ndipo mowa anawapatsa ndi munthu. Sindikufuna kuti dzina lako lidzatchulidwe pankhani yotere, mwana wanga, sindikufuna. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mlongo wako ali ndi zaka 16, ndipo akavala bwino n'kudzola ungamuyese mayi wapabanja. Ungakondwe wina atamupatsa mowa chifukwa choti ndi wamtali?

Ndiye usamayeze msinkhu ndi maso. Funsa chiphaso, ndipo uchilandire m'manja mwako, upite nacho pomwe pali kuwala. Chithunzi cha pafoni ukane, chimenecho aliyense angachikonze. Kuno chiphaso amayamba kupereka munthu akakwana zaka 16, monganso chiphaso cha unzika kwathu ku Malawi, choncho kukhala nacho sikutanthauza kuti wafika pomwa mowa. Werenga tsiku lobadwa. Kaya ndi kabuku kobiriwira kaja kaya khadi latsopanoli, nambala yake ili ndi manambala 13, ndipo 6 oyambawo ndi chaka, mwezi ndi tsiku. Ukaona 080315, ameneyo anabadwa pa 15 March 2008, zaka 18 akukwanitsa pa 15 March 2026, osati pa 1 January. Ambiri amangoona chaka basi n'kupereka botolo. Iwe masamu unkakhoza kusukulu, usachite ulesi pa kanthu kakang'ono ngati aka.

Kenako yang'ana chithunzi, uyang'anenso nkhope ya mwiniwakeyo. Ana amabwereka ziphaso za akulu awo. Ukakayika, mufunse tsiku lake lobadwa chiphasocho chili m'manja mwako, wobwereka amayamba wachita chibwibwi. Akwathu ndi a ku Zimbabwe akakupatsa pasipoti, chimodzimodzi, usati poti akulankhula Chichewa ndiye wakula. Palinso wamkulu amene amagula mabotolo anayi pamene patebulo pake pakhala tiana titatu. Dzutsa mutu uone komwe mowawo ukupita.

Ndikudziwa kuti adzakunyoza. Ena adzakutchula kwerekwere, adzati mlendo sangawafunse chiphaso m'dziko lawo. Zimawawa, nanenso ndazimva m'mataxi zaka zonsezi. Usakweze mawu. Nena kuti ndi lamulo, funsa aliyense wooneka wachichepere mosasankha, akavuta itana bwana. Kastomala wopsa mtima mawa abweranso kapena apita kwina, palibe chimene chingakuchitikire.

Ndikamalemba chonchi ndikuona msuweni wako, mwana wa achimwene. Anayamba ndi masacheti aja pamsika ali ku pulayimale, wogulitsa ankangolandira ndalama osamuyang'ana n'komwe. Munkasewera limodzi mpira wachikulunga kuseri kwa nyumba ya agogo ako. Lero ukamuona sungakhulupirire kuti ndinu a chaka chimodzi. Achimwene mpaka pano akamanena za iye amangogwira pakamwa.

Iwe si mwana woipa. Ndiwe uja unkabweza chenji chonse ndikakutuma kuchigayo, ngakhale nditaiwala kukufunsa. Ndikudziwanso kuti lendi ikukuvuta ndipo matipi a Lachisanu ndi amene amakupulumutsa. Koma ndalama ya ana asukulu usailandire, ndipo ngati mnzakoyo amakugawirako zomwe amatolera pakhomo, lekeratu lero. Mwezi uno usanditumizire kanthu, za fizi ya mlongo wako ndiona ndekha. Ngati bwana wako ndi amene akufuna kuti muzigulitsa kwa anawo, undiuze zoona, amalume ako akufunsira malo ena ku Fordsburg.

Mayeso a matric, omaliza sekondale aja, akatha anawa adzabwera ambiri kuposa pano, ndiye uyambiretu kufunsa sabata ino kuti azolowere. Ndipo mnyamata uja usabwerenso naye kwathu. Lamulungu ubwere wekha, ukwere taxi ya m'mawa, tidzakambirane bwinobwino. Mlongo wako akupereka moni.

Ndine mayi ako.