Ana athu aphunzire kulemba kafukufuku woti ife eni mijigo timve

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata mu nyuzi yanu ndiyankhulepo za ana athu omwe ali m'makoleji ndi m'mayunivesite, makamaka awa akuchokera kuno ku chigwa cha Shire, pa nkhani ya momwe akulembera kafukufuku wawo wa sayansi komanso momwe amaufotokozera pagulu. Ine ndimaphunzitsa biology ndi agriculture pa sekondale ina mbali ya Ngabu, ndiye ana omwe anadutsa m'manja mwanga akafika chaka chomaliza ku koleji amanditumizira malipoti awo pa WhatsApp kuti madala tawerengeni muone ngati zili bwino, choncho zomwe ndikunenazi ndimaziona ndi maso.

Chigwa chathu chino sichisowa nkhani zofufuza ayi. A Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akufufuza za malungo ku Chikwawa kwa zaka zambiri, ndipo Malawi ndi dziko lomwe linayamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S mu April 2019, kenako Ghana ndi Kenya. Tili ndi malo ofufuzira zaulimi ku Kasinthula ndi ku Ngabu, dambo la Elephant Marsh lomwe mu 2017 linalowa pa mndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar, ngalande yayikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira, nanga madzi osefukira aja a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Mwana wa ku Nsanje kapena Nchalo mitu ya kafukufuku anakulira nayo pakhomo. Chomwe chikundiwawa ine nchoti akamalemba amabisa zomwe wapeza pansi pa chizungu chovuta, mpaka iye mwini ukamufunsa kuti kodi wapeza chani amayamba kuvundukula mapepala.

Nditenge lipoti lina lomwe ndinawerenga, la mwana wanzeru ndithu, linali la madzi a mchere a m'mijigo. Aliyense wa kuno akudziwa kuti pali mijigo ina madzi ake sopo sachita thovu, tiyi amakoma mwina, nyemba zimachedwa kupsa. Mutu wabwino kwambiri umenewu. Koma masamba oyambirira onse anali a kusintha kwa nyengo padziko lonse, ndime zazitali zokopera pa intaneti, za ku India ndi za ku Bangladesh, mjigo wa kwawo unatulukira chakumapeto kwenikweni. Ndipo sanalembe kuti madziwo anatunga mwezi wanji. Abale, madzi a pa mjigo mu October dzuwa likuswa mtengo ndi a mu February madambo atadzaza munthu sungangowaika pamodzi osanena. Sanalembe ngati anayamba wapopa kaye asanatunge, kapena ngati kamakina koyezera mchere kaja anakayesa kaye kuti kakuwerenga zoona. Munthu wina atafuna kubwereza ntchito yomweyo chaka chamawa ayambira pati? Chinthu chomwe mnzako sangathe kuchibwereza mu sayansi chimakhala ngati mphekesera basi.

Chomwe chinandiopsa kwambiri chinali kumapeto. Mwana anayeza mijigo yowerengeka ya dera limodzi koma analemba kuti madzi a m'mijigo ya Chikwawa ndi Nsanje si abwino kumwa. Apa anasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. A World Health Organization amati chloride, yemwe ndi mbali ina ya mchere, akapitirira 250 mg pa lita munthu amayamba kumva mchere pakamwa, imeneyo ndi nkhani ya kakomedwe, pomwe pa nkhani ya tizirombo amati mu 100 ml ya madzi akumwa musapezeke kachirombo ka m'chimbudzi kotchedwa E. coli ngakhale kamodzi. Iye za tizirombo sanayeze nkomwe. Ndiye taganizani mayi wa mu komiti ya mjigo amve zoti a ku yunivesite anena kuti madzi a pa mjigo ndi oyipa, mawa lake anyamula ndowa kupita ku Shire komwe madzi amakoma koma kuli ng'ona ndi kolera, ndipo kolera wa 2022 mpaka 2023 uja tonse tikumukumbukira. Chiganizo chimodzi cholembedwa mosasamala chikhoza kupha munthu, sindikukokomeza ayi.

Ndiye ana anga, kwa inu amene mukuwerenga, funso lanu lizikwana mu chiganizo chimodzi musanayambe china chilichonse, ngati likukana kukwana ndiye kuti simunadziwe chomwe mukufuna kufufuza. Khalani ndi kope, lembani tsiku lomwelo, deti, malo, nthawi, chomwe mwagwiritsa ntchito, ngakhale chomwe chalakwika, osadalira mutu kuti ndikalemba ndikafika ku hositelo. Mukamayamba lipoti yambani ndi tebulo ndi gilafu ya zomwe mwapeza, muziyang'ane bwinobwino kaye zikuuzeni zomwe zikunena, mawu oyamba aja mulembe pomaliza. Ndipo nambala ikatuluka yosemphana ndi zomwe mumayembekezera musayifufute, pena nkhani yonse imakhala ili pomwepo. Za ena mukatenga nenani kuti mwatenga kwa uje chaka chakuti, si manyazi. Izi za ChatGPT ndikudziwa mukugwiritsa ntchito, chabwino ikukonzereni galamala, koma siinalawepo madzi a pa mjigo wa kwanu ndipo tsiku loyimirira pamaso pa malekichara siidzakuyankhirani.

Tsiku limenelo ndi lomwe ana ambiri amagwa nalo. Slide yodzaza ndi mawu ang'onoang'ono, mwana watembenukira ku pulojekita anthu wawapatsa msana, akuwerenga liwu ndi liwu mothamanga thukuta lili kamukamu, magetsi akangothima basi nayenso wathima. Chonsecho ntchito anayigwira yekha, anayenda yekha pa njinga m'midzi. Ine ndimawauza kuti slide imodzi mfundo imodzi, chithunzi cha mjigo weniweniwo, gilafu yooneka ngakhale kwa wokhala kumbuyo, zina zonse zituluke pakamwa pako. Ndipo usanapite kukayimirira kumeneko kakhale pansi ndi agogo ako uwafotokozere m'Chisena kapena m'Chimang'anja zomwe wapeza, pomwe agogo akwinya nkhope ndi pomwe iweyo sunamvetse, bwerera ukawerengenso. Lekichara akakufunsa chomwe sunayeze ingoyankha kuti chimenecho sindinayeze bwana, amakulemekeza kuposa kuyamba kupeka.

Kwa a malekichara ndili ndi dandaulo. Ana amabwera m'midzi muno ndi mafomu a mafunso, amfumu amaitanitsa anthu, amayi amasiya kudimba kudzakhala pansi pa mtengo kuyankha mafunso dzuwa lonse lija, ena mpaka kupereka magazi kapena madzi a m'mitsuko mwawo, kenako ziii, lipoti likagona pa shelefu mu laibulale ku tauni. Anthu ayamba kutopa ndipo ena akumakana kuyankha, sindingawadzudzule. Bwanji mwana asamalandire malikisi ake onse mpaka atabwerera kumudzi komwe anafufuza, akaime pamaso pa amfumu, a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC), alangizi a zaumoyo ndi komiti ya mjigo, afotokoze m'chilankhulo chawo pa tsamba limodzi lokha kuti tinapeza izi, izi sitinayeze, ndipo mungachite izi? Kumeneko adzafunsidwa mafunso ovuta kuposa a m'kalasi, chifukwa mlimi wa thonje wa ku Ngabu kapena msodzi wa ku Elephant Marsh sangakusiye unene zinthu zomwe iye akudziwa kuti si zoona.

Ifenso aphunzitsi a ku sekondale ntchitoyi iyambire kwa ife. Masukulu ambiri a kuno alibe labu yokwanira, zoona, koma choyezera mvula mwana akhoza kupanga ndi botolo ndi rula, nkumalemba m'mawa uliwonse nyengo yonse ya dzinja, kenako ajambule gilafu afotokozere anzake pa asembule kwa mphindi zochepa. Mwana wotere akamafika pa mayeso a practical a MSCE kapena ku MUST, LUANAR kaya KUHeS kulemba lipoti sikudzakhala kwachilendo.

Ndipo inu a Mkonzi, tipatseniko kadanga mu nyuzi yanu ngakhale kamodzi pa mwezi, ophunzira azilembamo m'Chichewa zomwe apeza pa kafukufuku wawo mwachidule, mayina a midzi ndi miyezi yomwe anayeza zili pomwepo. Ine ndidzakhala ndikudula tsamba limenelo nkumakawerenga ndi ana a Fomu 3 ndi Fomu 4.

Mphunzitsi wa sayansi,
Ngabu, Chikwawa