Kodi mankhwala a TB akufooketsa mapilitsi anga olerera?

Alangizi,

Ndine mayi wa zaka 31, wa ana awiri, ndipo ndimagulitsa kaunjika mumsika. Ine ndi bambo a kunyumba tinagwirizana zoti tiyambe tapuma kubereka mpaka wamng'onoyu atalowa sukulu. Ndimamwa mapilitsi a Microgynon, aja okhala 28 pakhadi limodzi, 21 amphamvu ndi 7 ofiirira akumapeto. Ndimamwa usiku uliwonse ndikangotha kutsuka mbale, ndipo khadilo limakhala pa chivundikiro cha ndowa ya ufa kuti diso lisaliphonye.

Tsono andipeza ndi TB, moti ndili pa mankhwala a miyezi 6. Tili pamzere kuchipatala, mayi wina anandinong'oneza kuti rifampicin, mankhwala aja amafiiritsa mkodzo, amachititsa chiwindi kuphwanya mphamvu ya mapilitsi msangamsanga, mwakuti munthu atha kuima ngakhale sakudumphitsa tsiku. Adokotala sanandifunse za kulera, anthu anali piringupiringu. Kuyambira pamenepo mtima suli m'malo, makamaka chifukwa ndayamba kuona timagazi pakati pa mwezi, zomwe sizinkandichitikira kale. Kodi chimenechi ndi chizindikiro choti mapilitsiwa sakugwiranso ntchito?

Mnzanga wa pabenchi akuti ndizimwa awiriawiri. Ine ndikuopa, poti ndinamva kuti mapilitsi a mtundu uwu amatha kukweza BP ndi kuundanitsa magazi mwa anthu ena, ndipo mayi anga ondibereka amadwala BP. Nkhani ya makondomu ndinaiyambitsa, koma abambowa anangoti zimenezo si za m'banja. Sindikufuna ndewu, komanso thupi langali panopa silingathe kunyamula mimba, ndaonda kwambiri ndipo kukwera kamtunda kokha ndimachita befu.

Ndithandizeni, Alangizi. Ndisiye mapilitsiwa ndipite ku jakisoni wa miyezi itatu kapena lupu? Ena akuti kaimplanti ka pamkono nakonso kamafooka ndi mankhwala a TB, n'zoona? Nanga ndikasintha njira, ndiyambe ndamaliza khadi ndili naloli kapena ndipite mawa lomwe, ndipo akayambe andiyeza mimba? Ndikadzatsiriza mankhwala a TB, ndidzadikire nthawi yaitali bwanji ndisanabwerere ku mapilitsi?

Mundiuzekonso mawu oti ndiwalankhulire abambowa osawapsetsa mtima, chifukwa nyuzi ino amawerenga.

Ine mayi wodandaula,
Lilongwe