Ng'anjo yodziyendetsa yokha, nanga getsi lake likanama?

A Mkonzi,

Ndimakonza mapampu ndi mawaya a magetsi kuno ku Ulónguè, m'boma la Angónia. Mwana wa mlongo wanga, yemwe akuphunzira za uinjiniya, atabwera kutchuthi anandichedwetsa kugona ndi nkhani ya ng'anjo za nyukiliya zing'onozing'ono zomwe akatswiri akuzitcha SMR. Iliyonse siipitirira mamegawati 300, pomwe damu lathu la magetsi la Cahora Bassa limakwanitsa 2,075. Chomwe chamutenga mtima mnyamatayu n'chakuti ng'anjozi akuzikonza kuti zizidziyang'anira zokha ndi makompyuta, anthu ochepa chabe n'kumalondera zingapo m'chipinda chimodzi. "Malume, munthu ndiye amalakwitsa, makina salakwitsa," anatero. Ndinamusiya, poti anali mlendo.

Zina ndinagoma nazo, ndisaname. Ku China ina yamtunduwu inayamba kugulitsa magetsi ku Shidao Bay mu Disembala 2023, ndipo ya ku Russia yoyandama pamadzi ikuunikira tauni ya Pevek. Koma chomwe chinandikhudza ine wa mapampu ndi pulani ya kampani ya NuScale ya ku America. Mkati mwa ng'anjo yawo mulibe pampu yozungulitsa madzi. Madzi akatentha amakwera okha, akazizira amatsika, monga amachitira mumphika wa nyemba. Ndodo zomwe zimazimitsa motowo zimagwiridwa m'mwamba ndi mphamvu ya magetsi, moti magetsi akathima zimangogwera mkati chifukwa cha kulemera kwake. Pampu yomwe kulibe siingapse, apa ndiye anaganiza bwino. N'zofunikadi, chifukwa ng'anjo ya nyukiliya ili ngati uvuni wa njerwa, umatenthabe masiku angapo nkhuni zitatha. Ku Fukushima, ku Japan, mu 2011 ng'anjo zinazima zokha chivomerezi chitagwedeza, koma madzi a m'nyanja anamiza majenereta, mapampu oziziritsa n'kuima.

Pomwe ndikusiyana naye mnyamatayu ndi pa maso a makinawo. Kompyuta sigwira chitoliro n'kumva kutentha. Imangokhulupirira zomwe masensa, tizipangizo toyeza zinthu monga kutentha ndi kuchuluka kwa madzi, aiuza.

Chaka china ndinaika pampu ya sola padimba la mbatata ya kachewere la alimi ena cha ku Dómuè. Inali yodziyendetsa yokha: thanki ikadzaza imazima, madzi akachepa m'chitsime imazimanso. Mu Okutobala chitsime chinaphwa, koma kasensa kakumunsi kanali katamatidwa ndi matope, n'kumanenabe kuti madzi alipo. Getsi lobiriwira linkayaka mwaulemu wake pampu ikukoka mpweya. Mlonda wa dimbalo anamva kuti kulira kwake kwasintha, kwakhala kowuma, koma anati ndine yani kutsutsa getsi. Nditafika, bokosi linkanunkha pulasitiki yopsa. Chipangizo china tinachidikira miyezi iwiri, mbatata zitafota kale.

Wina anganene kuti ndikuyerekeza nyerere ndi njovu. Komatu ku ng'anjo ya nyukiliya ya Three Mile Island, ku Pennsylvania m'dziko la America, mu 1979, zinayenda chimodzimodzi. Vavu ina inakanirira yotsekuka, madzi oziziritsa n'kumatuluka. Getsi la m'chipinda choyang'anira linkangosonyeza kuti lamulo lotseka latumizidwa, osati kuti vavuyo yatsekekadi. Ogwira ntchito, anthu ophunzira bwino, anakhulupirira kuti yatseka, mpaka anachepetsa madzi adzidzidzi omwe makina anayamba kuthira okha. Mkati mwa ng'anjo munasungunuka ndithu. Apatu anthuwo anapusitsidwa ndi getsi limodzi.

Mnyamatayo akuti masiku ano amaika masensa atatu kapena anayi pamalo amodzi, n'kumatsatira zomwe ambiri agwirizana. Chabwino. Koma ngati onse anapangidwa mofanana, chomwe chingasokoneze imodzi chingasokoneze onse. Ndiponso munthu wongokhala n'kumayang'ana sikirini chaka chonse, osagwira kanthu, dzanja limaiwala. Tsiku lomwe kompyuta idzati zandikanika, tengani, adzakhala atazolowera kuwodzera.

Sindikuti nyukiliya ifika ku Tete mawa. Tili ndi Zambezi, tikudikirabe damu la Mphanda Nkuwa la mamegawati 1,500, ndipo mu Africa monse malo opangira magetsi a nyukiliya omwe akugwira ntchito ndi Koeberg yekha, pafupi ndi Cape Town, kuyambira 1984. Koma ng'anjo zazing'onozi amazitsatsa kwambiri kumigodi ndi kumadera akutali, ndipo migodi ya malasha ya ku Moatize ili pomwepa. Ogulitsa akadzabwera, atsogoleri athu adzawafunse kuti sensa ikafa yatsopano ichokera kuti, ifika pakatha masiku angati, ndipo ndi ana angati a kuno omwe adzaphunzitsidwe kutsegula bokosilo, osati kungolipukuta fumbi.

Pampu ya ku Dómuè ija ikugwiranso ntchito. Mlonda ndinamuuza kuti ikadzangosintha kalilidwe azimitse, getsi litayaka kapena ayi, kenako andiimbire.

Wowerenga wanu,
Ulónguè, Angónia