Tisathe mpunga wam'thengo m'madambo athu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za chomera chimene alimi a mpunga amachiona ngati udzu wovutitsa, pamene akatswiri opanga mbewu amachifunafuna kwambiri. Ndikunena mpunga wam'thengo, makamaka mtundu umene asayansi amautcha Oryza longistaminata, womwe umamera wokha m'madambo a maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo dziko lino.

Mlimi amene amadana nawo sindingamudzudzule. Njere zake zimayoyoka zikangokhwima, moti palibe chokolola, ndipo mizu yake imayanda pansi n'kuphukiranso ngakhale wina atalimapo kangapo. Komabe chomerachi chakhala zaka zosawerengeka chikulimbana chokha ndi matenda, tizilombo ndi kusintha kwa madzi popanda wochithira mankhwala, ndipo mphamvu imeneyo ikhoza kulowetsedwa mu mpunga wolimidwa pokwatitsa mbewu ziwirizi.

Zimenezi zinachitikapo kale. Mpunga wam'thengo wa mtundu womwewu, umene unatengedwa ku Mali, unapezeka kuti umapirira matenda a bakiteriya owumitsa masamba. Akatswiri a bungwe lofufuza za mpunga la IRRI ku Philippines anaukwatitsa ndi mpunga wolimidwa, ndipo mu 1995 gulu la a Pamela Ronald ku University of California, Davis linapatula chibadwa chimene chimateteza mbewuyo, chotchedwa Xa21. Ku China, mpunga wam'thengo wosabereka mungu wabwino umene a Li Bihu anaupeza pachilumba cha Hainan mu 1970 ndiwo unatsegulira katswiri wa mpunga a Yuan Longping njira yopangira mpunga wa haibulidi, umene lero ukudyetsa anthu miyandamiyanda. Nawonso mtundu wa Oryza nivara wa ku India unathandiza mbewu ya mpunga wolimidwa yotchedwa IR36 kupirira matenda opinimbiritsa mpunga.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi mizu yoyanda ija, imene mlimi amaitukwana. Ofufuza a ku Yunnan anagwiritsa ntchito khalidwe lomweli popanga mpunga wotchedwa PR23, umene umaphukiranso ukadulidwa, kotero kuti mlimi amakolola kwa zaka zingapo osafesanso nazale kapena kuwokera. Aliyense amene anawokerapo mpunga ali chiweramire m'matope adziwa kukula kwa ntchito imene yapepukayo.

Nkhawa yanga ndi yakuti madambo athu akusanduka minda chaka ndi chaka, ena akuuma, ena akutenthedwa, ndipo mpunga wam'thengo ukatha pamalo, chibadwa chake chatheratu, pakuti wa ku Mali sufanana m'zonse ndi wa kuno. Timanyadira fungo la Kilombero ndi Faya, koma tsiku limene matenda atsopano adzagwire mbewu zimenezi, opanga mbewu adzafuna kotenga chitetezo.

Choncho ndikupempha unduna wa zamalimidwe kuti upatse ndalama zokwanira malo osungira mbewu a ku Chitedze ndi malo ofufuzira za mpunga a ku Lifuwu, kuti akatswiri ayendere madambo a ku Karonga, Nkhotakota, Salima ndi nyanja ya Chilwa, atolere njere ndi kulemba malo amene zapezeka. Kusunga njere m'chipinda chozizira kokha sikukwana, chifukwa chomera chimene chili kudambo chimapitiriza kuzolowera nyengo yosinthayi. Mafumu ndi makomiti a masikimu a mthirira athandizidwe kupatula timadera tochepa, kutali ndi minda, kumene mpungawu ungamere osasokoneza mlimi.

Ine wowerenga wanu,
Salima