Lipoti la msonkhano wa Abuda umene munanditumako: kukhala ndi chisoni, mkwiyo ndi mantha osazithawa

A Tcheyamani, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo nonse a gulu lathu lothandizana pa zovuta kuno ku Durban, ndakulonjerani.

Munandituma ku msonkhano umene Abuda anakonza kumalo awo osinkhasinkhira kumapiri a KwaZulu-Natal, woitanira anthu amene amakhala pafupi ndi odwala ndi ofedwa. Ndapita ndipo ndabwerako bwino. Malisiti a thiransipoti ndi chakudya ndawasiya kwa asungichuma. Ndalemba lipotili kuti amene mudzakhale ku ntchito tsiku la msonkhano wathu mudziwerengere nokha pa foni.

Ndiyambe ndi nkhawa imene ena munali nayo pondituma. Palibe anatiuza kuti tigwadire fano kapena tisiye chipembedzo chathu. Kunali anamwino, alangizi a anthu amene ali ndi HIV, abusa, ndi mayi wina wachisilamu amene amasambitsa maliro a amayi anzake. Otiphunzitsa anali mmonke mmodzi ndi mayi wina wachikulire amene wakhala akusamalira odwala mwakayakaya. Sanabise kuti zimene akuphunzitsa n'za Buda, koma anati aliyense atole zimene angakagwiritse ntchito kwawo. Tinkadzuka kusanache, kukhala chete, kuyenda pang'onopang'ono pabwalo, kudya osayankhula, ndipo masana n'kumamva maphunziro ndi kukambirana.

Phunziro limene ndikufuna mulimve bwino ndi la mivi iwiri. Buda, amene anabadwira ku Lumbini m'dziko limene lero ndi Nepal ndipo anaphunzitsa kumpoto kwa India zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, anafunsa ophunzira ake kuti munthu wophunzitsidwa ndi wosaphunzitsidwa amasiyana pati, poti onse amamva zokoma ndi zowawa. Yankho lake lili m'chiphunzitso chotchedwa Sallatha Sutta. Wosaphunzitsidwa chikamuwawa amalira, amadziguguda pachifuwa, amasokonezeka, ndiye amamva zowawa ziwiri, za m'thupi ndi za mumtima. Ali ngati munthu amene walasidwa muvi, kenaka n'kulasidwanso wina. Wophunzitsidwa nayenso muvi woyamba umamupeza ndithu, koma wachiwiri ayi.

Abale, ife mivi imeneyi timaiona mwezi ndi mwezi. Muvi woyamba ndi foni ya pakati pa usiku yonena kuti mayi atisiya kumudzi. Umenewo palibe angauzembe. Wachiwiri ndi mawu amene mtima umayamba kulankhula wokha: ndikanatumiza ndalama ya mankhwala msanga, ndine mwana wachabechabe, kumudzi akunena kuti ndinatchona, mapepala anga anatha ndiye sindikaona ngakhale manda. Mawu amenewa amatha kumudya munthu zaka, maliro ataiwalika kale kwa ena onse. Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti chiphunzitso chomwecho chimanena kuti munthu wosaphunzitsidwa sadziwa njira ina yothawira zowawa koma kuthamangira zosangalatsa thupi. Ndinaganizira anyamata athu amene timawasonkhera ndalama zotumizira thupi la m'bale wawo, galimoto n'kunyamuka kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda mpaka Mwanza, koma iwo n'kutsala kuno akumwa malipiro onse kumapeto kwa sabata. Timawadzudzula kuti ndi zidakwa. Kawirikawiri amakhala akuthawa chinthu chimene palibe anawaphunzitsa kukhala nacho.

Nanga munthu achite chiyani? Zimene Abuda amazitcha sati, ndipo azungu amati mindfulness, ndi kukhala tcheru ndi zimene zikuchitika m'thupi ndi mumtima pa nthawi yomweyo. Mmonke anatiwerengera mbali ina ya Satipatthana Sutta, pamene Buda akunena zinthu zinayi zoyenera kuziyang'anitsitsa: thupi, kumva kukoma kapena kuwawa, mmene mtima ulili, ndi zinthu zimene zimabwera ndi kupita m'maganizo. Pa za mtima mawu ake ndi achidule: mtima ukakhala ndi chidani, munthu adziwe kuti mtima uli ndi chidani, ukakhala wopanda chidani, adziwenso. Pamenepo sakulamula kuti udzikalipire kapena unamizire kuti chidanicho palibe. Choyamba ndi kudziwa.

Mayi uja ndi amene anatiyendetsa pochita. Anatiuza kuti tikumbukire chinthu chimene chinatipweteka, koma chaching'ono, osati chachikulu kwambiri pa moyo wathu. Kenaka tichitchule dzina chamumtima: uwu ndi mkwiyo, awa ndi manyazi. Tichilole chikhalepo, osachikankha, osachikometsera. Tifufuze pamene chakhala m'thupi, kaya ndi kutentha kumaso, kumangika pakhosi kapena kulemera pachifuwa. Pomaliza tikumbukire kuti mkwiyo ulipo koma ife sindife mkwiyowo. Anati masitepe anayiwa anawasanja motere ndi mphunzitsi wa ku America, Michele McDonald. Ine ndinatenga nkhani ya bwana wina amene ananditukwana pamaso pa anzanga. Mkwiyo ndinaupeza m'nsagwada ndi m'manja. Nditaupenyetsetsa osayambanso kukangana ndi bwanayo m'mutu, ndinaona kuti sukhala chimodzimodzi: umakwera, umatsika, umasuntha, ndipo pansi pake panali mantha oti ntchito itha. Mantha amenewo sindinkawadziwa kuti alipo.

Anatiuzanso za Thich Nhat Hanh, mmonke wa ku Vietnam amene anakhala zaka zambiri kunja kwa dziko lake chifukwa chotsutsa nkhondo, anayambitsa mudzi wa Plum Village ku France mu 1982, ndipo anamwalira ku Hue mu Januwale 2022 ali ndi zaka 95. Iye ankaphunzitsa kuti mkwiyo uzisamalidwa monga mayi amachitira ndi khanda lolira. Mayi salitaya panja khandalo, salimenyanso. Amayamba walinyamula, ndipo likayamba kutonthola m'pamene amaona ngati ndi njala, kutentha thupi kapena thewera. Amayi a m'gulu lathu, izi mukuzidziwa kuposa ine.

Pamene tinakhalitsa, ndipo panabuka mtsutso weniweni, ndi pa nkhani ya Kisa Gotami. Anali mayi wa mumzinda wa Savatthi. Mwana wake mmodzi yekhayo atamwalira, anamunyamula n'kumayenda naye khomo ndi khomo kupempha mankhwala, osavomera kuti wafa. Anthu ankati wapenga. Munthu wina anamulozera kwa Buda. Buda anamuuza kuti akapemphe njere za mpiru, koma zichokere m'nyumba imene simunafepo munthu. Mpiru unalipo nyumba iliyonse ndipo anthu ankafuna kumupatsa, koma akafunsa za imfa, pena ankati tinaika bambo, pena mwana, pena mwamuna. Dzuwa lisanalowe anazindikira yekha, anakasiya thupi la mwana wake kumanda, ndipo pambuyo pake anakhala mmodzi wa amonke achikazi odziwika.

Namwino wina anaimirira n'kunena kuti kwa iye imeneyi ndi nkhanza, kumuyendetsa mayi wofedwa mzinda wonse pa chinthu chimene ukudziwa kuti sakachipeza. Ena anagwirizana naye. Ine sindinagwirizane naye, ndipo ndinanena. Aliyense mumzindamo anali atamuuza kale mayiyo kuti mwana wafa, ndipo sizinalowe. Buda sanatsutsane naye. Anamutumiza kwa anthu ena ofedwa, ndipo choonadi chinamufika pa liwiro limene mtima wake ukanatha kulandira. Ndinawafotokozera za pasiwa kwathu, mmene amayi amagonera m'nyumba ndi wofedwa, abambo ali panja pamoto usiku wonse, ndi mmene wobwera kudzakhuza amakhalira pansi n'kulira nawo asanalankhule chilichonse. Makolo athu ankadziwa kuti chisoni chimafuna anthu okhala nacho. Koma kuno ku Joni nthawi ndi ya bwana, ndipo mwambowo taufupikitsa mpaka watsala mawu awiri okha: limbani mtima. Timawanena mothamanga, tili chiimire, mwina chifukwa kulira kwa mnzathu kukudzutsa kwathu kumene tinakukwirira. Mwamuna ndiye timamuuziratu kuti mwamuna salira.

M'busa wina anatikumbutsa kuti Yesu analira pamanda a Lazaro. Mayi wachisilamu uja anawonjeza kuti Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, anagwetsa misozi mwana wake Ibrahim akumwalira, ndipo ananena kuti diso limalira, mtima umadandaula, koma pakamwa sipatuluka mawu osakondweretsa Mulungu. Choncho amene mukuopa kuti kulola munthu kulira ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, mabuku athu omwe sakutero.

Funso limene ndinapita nalo kuchokera kwa a Mlembi ndinalifunsa: kodi kuvomereza sikutanthauza kugonja? Munthu amene bwana wamubera malipiro a miyezi, kapena amene anathamangitsidwa m'nyumba pa zipolowe zodana ndi alendo ngati za mu 2015 kuno ku Durban, tizimuuza kuti angovomereza? Mmonke anayankha momveka. Chimene ukuvomereza ndi chakuti pakali pano mumtima mwako muli mkwiyo, chifukwa ulimodi. Sukuvomereza kuti kuberedwa n'kwabwino. Anati Satipatthana Sutta yomweyo imapitiriza kunena kuti munthu adziwe mmene chidani chimayambira, mmene chimathera, ndi mmene angachitire kuti chisadzukenso. Munthu amene waona mkwiyo wake amatha kusankha chochita. Amene sanauone umamusankhira wokha. Kunena kwathu kuno, woyambayo amasonkhanitsa mauthenga a pa foni ndi masiku amene anagwira ntchito n'kupita ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito. Wachiwiriyo amakatulutsira mkwiyowo pa mkazi ndi ana kunyumba. Yankho limeneli linandikhutiritsa.

Panali chenjezo limene ndikupempha akomiti alisunge. Kukhala chete utatsinzina si anthu onse amene kumawathandiza. Munthu amene anaona zoopsa kwambiri, monga amene anapulumuka pa madzi osefukira a mu Epulo 2022, amene anapha anthu oposa 400 m'chigawo chino, kapena amene abale ake anakwiriridwa ndi matope ku Chilobwe pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, akhoza kutsinzina n'kuona zonse zija zikubwerera ngati zikuchitika tsopano. Wotere atsegule maso, amve mapazi ake akuponda pansi, atchule zinthu zimene akuziona m'chipindamo, kapena adzuke ayende. Ndipo munthu akayamba kunena zodzipha, akasiya kudya kapena kugona kwa masabata, imeneyo si ntchito ya kupuma mpweya. Timuperekeze ku kiliniki, kapena tiimbire bungwe la SADAG limene lili ndi manambala othandiza anthu ovutika maganizo muno mu South Africa. Mayi uja anabwereza zimenezi mwamphamvu, ndipo ndinamulemekeza chifukwa sanafune kugulitsa njira yawo ngati mankhwala a nthenda zonse.

Za zipatala anangozikhudza pang'ono. Jon Kabat-Zinn anayamba kuphunzitsa njirazi kwa odwala pa chipatala cha yunivesite ya Massachusetts mu 1979, atachotsamo miyambo ya chipembedzo. Ku Britain, bungwe la NICE, lopereka malangizo a chithandizo cha m'zipatala, linavomereza mu 2004 njira ina yochokera pomwepa kuti izithandiza anthu amene matenda ovutika maganizo amawabwererabwerera. Mmonke anati iye amasangalala kuti anthu akuthandizika, komabe kwa Abuda kukhala tcheru ndi gawo limodzi chabe mwa magawo asanu ndi atatu a njira yawo, ndipo sikuyenda kokha popanda kulankhula zoona ndi kupeza ndalama mwachilungamo.

Pali zina zimene anaphunzitsa zomwe ine sindinazitenge. Amati munthu amabadwanso kambirimbiri, ndiponso kuti mwa munthu mulibe mzimu wokhalitsa wosasintha. Ine ndine Mkhristu ndipo ndimakhulupirira zina. Ndinawauza mwaulemu, iwonso anandimvera mwaulemu. Sindikubweretsa zimenezo m'gulu.

Zimene ndikupempha kuti tikambirane ndi izi. Ife amene timatumidwa kukanena uthenga wa imfa kapena kukapereka chipepeso, tisamapite mmodzi, ndipo tikafika tikhale pansi. Munthu akalira tisamudule. Mawu oti limbani mtima adikire mpaka iye atalankhula zimene zili mumtima, ndipo akayamba kudziimba mlandu tisamukalipire, tingomufunsa kuti akanatha kudziwa bwanji nthawi imeneyo zimene akudziwa lero. Ndikupemphanso kuti udindo wathu usamathere pamene galimoto yanyamuka ndi thupi. Masabata otsatirawo ndi amene muvi wachiwiri umagwira ntchito, anthu onse atabwerera ku maganyu awo. Tisankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, oti azimuyendera kapena kumuimbira wofedwa mpaka miyezi itatu, ndipo komiti ione ngati thumba lingathe kuwapatsa ya eyataimu.

Chomaliza n'chokhudza ife eni akomiti. Timanyamula maliro a anthu ambiri ndipo palibe amatifunsa kuti muli bwanji. Ndikuganiza kuti mikangano ina ya pa misonkhano yathu, yomwe imaoneka ngati ya ndalama, imachokera ku kutopa kumeneku. Ndikupempha kuti pambuyo pa pemphero lotsegulira tizikhala chete mphindi zitatu, aliyense amve mpweya wake ndi kuona chimene wabwera nacho mumtima, tisanatsegule buku la zopereka. Amene sakufuna akhoza kupemphera chamumtima nthawi yomweyo. A Tcheyamani akalola, ndidzatsogolera ine pa msonkhano ukubwerawu, ndipo a Shehe ndi a Busa adzanene maganizo awo tisanavote.

Ndine wanu,
Nthumwi imene munaituma