Ana a ulumali wa mu ubongo akakula amapita kuti?

Akonzi,

Zikomo pondipatsako danga m'nyuzipepala yathuyi. Ndikufuna ndiyankhulepo za anthu akuluakulu amene ali ndi ulumali wa mu ubongo, ndikunena aja anabadwa ndi Down syndrome, aja ubongo unavulala pobadwa chifukwa mayi anachedwa kuchira kapena mwana sanalire msanga, komanso aja anadwala malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi ali aang'ono nde kuchokera pamenepo kumva chinthu ndi kuchisunga m'mutu kumawatengera nthawi. Akakhala ana timawakambako ndithu, aphunzitsi awo amaphunzira ku Montfort ku Nguludi, m'masukulu ena a pulayimale muli kalasi yawo, makolo tili ndi bungwe la PODCAM. Koma mwana sakhala mwana mpaka kale. Amafika zaka 20, 30, ena 40, ndipo pamenepo nkhani yawo imangoti zii. Sukulu yatha, mayeso a sitandade 8 sanalembe kapena analemba osakhoza, ku koleji ya ntchito zamanja amafuna setifiketi, basi munthu wamkulu ndi ndevu zake amangokhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina wake. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo gawo 27 la panganolo limanena za ufulu wogwira ntchito ndi kulandira malipiro ofanana ndi anzako. Tinakhala ndi lamulo la 2012, pano tili ndi latsopano la 2024 lomwe linasintha MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, kukhala MACODA. Pa pepala tili bwino. Komanso sindinganame kuti palibe chachitika, fakitale yoluka ya ku Bangwe ilipo ndipo katundu wake ndi wooneka bwino, ku Magomero anthu aulumali amaphunzira ntchito zamanja. Kungoti ntchito ngati utelala ndi ukalipentala zimafuna kuwerenga tepi, kuwerengera masamu, kulemba mayeso, nde munthu wosaona kapena woyenda pa njinga ya aulumali amakwanitsa bwinobwino chifukwa mutu wake umagwira msanga, pomwe uyu ndikunenayu amagwa pa geti pomwepo. Ngakhale pakati pa aulumali okhaokha iyeyu amakhala kumapeto kwa mzere, chifukwa pa msonkhano sangaime n'kudziyankhulira ngati anzake.

Ine ndimasunga mlongo wanga amene ali ndi Down syndrome, makolo athu anatisiya. Ndi munthu wamkulu, amasamba yekha, amachapa zake, ndipo ntchito ukamuonetsa bwino amaigwira mosamala kuposa ana anga amene ali ku sekondale. Mazira amatolera osaswa, nkhuku sadzaziiwala madzi olo tsiku limodzi. Chomwe sangathe ndi kuwerengera chenji komanso kuuzidwa zinthu zinayi nthawi imodzi. Nde taonani mmene anthu amachitira akazindikira zimenezi, pa tauni yathu pano anthu ngati iyeyu ndi amene amatumidwa kutunga madzi a m'malesitilanti, kunyamula matumba a chimanga pa chigayo, kusesa pa bala, tsiku lonse, malipiro ake mkute kapena kapu ya kachasu kuti azivina anthu aziseka. Ntchito akugwira kale anthuwa abale, kungoti sakulipidwa. Za atsikana nde mtima umandiwawa kulemba, ambiri amapezeka ndi mimba osadziwa mwini wake, mlandu n'kuthera kwa amfumu ndi mbuzi imodzi chifukwa akuti mtsikanayo sangafotokoze bwino ku khoti.

Pali chitsanzo chimodzi chakunja chomwe ndimafuna anthu a m'maofesi atachidziwa. Ku Spain, m'chigawo cha Catalonia, kufupi ndi tauni ya Olot, kuli kampani ya La Fageda. Anaiyambitsa mu 1982 bambo wina dzina lake Cristóbal Colón, katswiri wa za maganizo amene anagwirapo ntchito m'zipatala za amisala. Iyeyu anatopa ndi kuona odwala akupatsidwa tintchito tongotayitsa nthawi, kupanga tinthu toti mawa palibe agule, ndipo anaona kuti odwalawo amazindikira kuti akungonamizidwa. Nde anayamba ndi anthu 14, poyamba ankagwira maganyu a makampani ena, kenako kusamalira maluwa ndi nazale ya mitengo, kenako anapeza famu n'kuyamba kuweta ng'ombe zamkaka. Malamulo a ku Ulaya oika malire a mkaka umene mlimi angagulitse atawafinya, sanatseke, mu 1993 anayamba kupanga yogati ndi mkaka wawo womwewo. Lero yogati wa La Fageda ali m'gulu la ogulidwa kwambiri ku Catalonia, akupikisana m'mashopu ndi makampani akuluakulu ngati Danone, anaonjezerapo ayisikilimu ndi jamu, ndipo anthu ambiri ogwira ntchito kumeneko ndi a ulumali wa mu ubongo kapena odwala matenda a maganizo, pa kontilakiti, ndi salale pakutha pa mwezi.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhani yawo ndi ichi, sagulitsa yogati uja ndi chifundo. Munthu amagula chifukwa ndi wokoma, ena amadya zaka osadziwa n'komwe amene amapanga. Izi n'zofunika kwambiri chifukwa kasitomala wa chifundo amagula kamodzi pa chionetsero pa 3 Disembala, tsiku lokumbukira anthu aulumali, ajambulitse chithunzi, chaka chonse osabweranso, pomwe kasitomala wokonda katundu wako amabwera Lolemba lililonse ndipo ndi amene amalipira salale. Phindu likapezeka sililowa m'thumba la bwana, limabwerera mu bizinesi ndi kulipira anthu othandizira ogwira ntchitowo. Ndipo simukuyenera kukafika ku Spain, abale athu amene ali ku Cape Town akhoza kukuuzani za malo omwera khofi otchedwa Brownies & Downies omwe anatsegulidwa mu 2016 potengera a ku Netherlands, kumene achinyamata a ulumali wa mu ubongo anayamba kuphunzira kuperekera zakudya ndi ntchito za kukhitchini makasitomala enieni ali pompo, kuti kenako akalembedwe ntchito kwina.

Wina anena kuti amenewo ndi mayiko olemera, kuno ngakhale a digiri akuyendetsa kabaza nde mukufuna tiyambe ndi awa? Funso limeneli ndimalimva kawirikawiri ndipo sindilinyoza chifukwa ulova ndi weniweni. Koma taganizani, munthu mmodzi akakhala pakhonde amamanga anthu awiri, chifukwa mayi ake kapena mchemwali wake sangapite kutali kukapanga geni kuopa kuti akabwera apeza wasochera kapena wachitidwa chipongwe. Ndalama ya Mtukula Pakhomo kwa amene ikuwafika imathandiza sopo ndi mchere koma siimuchotsa munthu pakhonde. Komanso ntchito zomwe ndikunenazi si za mu ofesi ayi, ndi zomwe tili nazo kale m'madera mwathu. Ku Thyolo, Mulanje ndi kuno ku Chiradzulu alimi ali ndi magulu osonkhanitsa mkaka, chovuta n'chani kuti gulu limodzi likhale ndi kafakitale ka chambiko ndi yogati komwe otsuka zigubu, omata mapepala pa mabotolo ndi olongedza akhale anthu amenewa? Nazale za mitengo zimafuna anthu othira dothi m'machubu ndi kuthirira m'mawa ndi madzulo, ntchito yobwerezabwereza imene achinyamata ena imawatopetsa sabata imodzi koma mlongo wanga angaigwire chaka chonse akuimba. Khola la nkhuku za mazira, bekale ya masikono, kusankha mtedza wa chiponde, kuchapa nsalu za m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima, zonsezi ndi ndalama.

Pomwe pagona nkhani ndi kaphunzitsidwe. Munthu wotereyu sungamuike m'kalasi miyezi isanu ndi umodzi ukulemba pa bolodi kenako n'kumupatsa setifiketi ndi makina osokera kuti kadziyimire pawekha, makina aja achibale agulitsa mwezi usanathe. Amaphunzira ntchito ali pa ntchito pomwepo, pambali pake pali munthu womuthandizira amene waiduladula ntchitoyo m'tizigawo ting'onoting'ono. Lero kusamba m'manja ndi kuvala epuloni basi, mpaka zilowe. Kenako kutola dzira ndi kuliika pa tileyi. Safunika kudziwa kuwerenga mpaka 30, tileyi ikadzadza ndiye kuti akwana 30. Ufa sayeza pa sikelo, pali kapu yake yojambulidwa mzere. Pakhoma pamakhala zithunzi zoonetsa choyamba, chachiwiri, chachitatu m'malo mwa malemba. Akayamba kuzolowera womuthandizira uja amayamba kutalikira pang'onopang'ono, kuchoka pambali pake kukaima pakhomo, kenako kumangobwera kamodzi pa sabata kudzaona ngati zili bwino komanso kudzayankhula ndi abwana ndi anzake a pa ntchito, chifukwa nthawi zambiri ntchito imatha osati poti munthu walephera ayi koma poti asintha malo oika ndowa osamuuza, iye wasokonezeka wakwiya, anthu n'kuyamba kunena kuti mwaona misala yayamba. Pomwe si misala, ndipo safunika kupita naye ku Zomba, amangofunika wina amufotokozere modekha.

Womuthandizira ameneyu ndi amene amafuna ndalama, ndipo bizinesi yaing'ono payokha singamulipire poyamba. Apa nde pomwe ndikupempha a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja. Olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku thumba la maphunziro a ntchito zamanja, kodi kagawo kochepa ka ndalama imeneyo sikangaphunzitse ndi kulipira othandizira otere? Achinyamata amene anaphunzira za chitukuko cha m'madera ndi za maphunziro a ana aulumali ali mbwee opanda ntchito, awa ndi amene angaigwire. A MACODA pamodzi ndi a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, atithandize kuti pokonza mapulogalamu a ntchito azitchula gulu ili mwapadera, chifukwa mukangoti aulumali onse pamodzi mipata imatengedwa ndi amene amatha kulemba fomu. Ndipo boma ndi kasitomala wamkulu kuposa wina aliyense, masukulu ogonera konko amagula mazira ndi buledi, zipatala zimachapitsa nsalu, makhonsolo amagula mbande za mitengo dzinja lililonse. Oda imodzi yokhazikika ya sukulu imodzi ikhoza kusunga anthu khumi pa ntchito, bola kulipira kwake kuzikhala kwa nthawi yake chifukwa kabizinesi kakang'ono ukakasunga miyezi isanu osakalipira kamafa.

A mipingo ndi mabungwe amene muli ndi mtima wofuna kuyamba zimenezi, chonde yambani ndi funso loti tigulitsa chani ndipo agule ndani, musayambe ndi kumanga holo ndi kulemba chikwangwani. Pezani munthu wodziwadi kuphika buledi kapena kuweta nkhuku akhale woyendetsa, katundu akhale waukhondo woti a MBS, oona za ubwino wa katundu, akabwera asapeze chifukwa, ndipo musakanize anthu, aulumali ndi opanda ulumali azigwira limodzi, osati kuwatsekera kwaokha kuseri kwa tchalitchi ngati tikuwabisa. Taona mapulojekiti ambiri amene amayenda zaka zitatu ndalama yakunja ilipo, ikatha zitseko n'kutsekedwa, ndipo kwa munthu amene anazolowera kudzuka m'mawa kuvala yunifolomu kupita ku ntchito, kumubwezanso pakhonde kumamupweteka kuposa mmene analili poyamba, amadzuka ndithu n'kuvala kudikira pa msewu.

Nkhani ya malipiro ndiinene mosabisa chifukwa apa ngakhale ife achibale timalakwa. Munthu akagwira ntchito alandire ndalama, osati sopo ndi kaunjika, ndipo isachepere malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa poti akuti ndi wolumala sadziwa kanthu. Ngati akugwira theka la tsiku alandire ya theka la tsiku, zomveka. Ndalamayo ilowe mu foni ya dzina lake, kaya Mpamba kaya Airtel Money, pakhale munthu mmodzi wokhulupirika womuthandiza ndi wina wapadera woona mabuku, chifukwa pali amalume ndi azilamu amene pa 30 amakhala atafika kale pa geti. Aphunzitsidwenso kuti ndalama ndi yake, akhoza kugula nsapato zomwe wazikonda, kuponya chopereka ku tchalitchi, kusonkha nawo pa maliro. Pa mudzi munthu amene wasonkha nawo pa maliro anthu amayamba kumuitana ndi dzina lake lenileni, ana amasiya kumugenda.

Kwa makolo anzanga, tisadikire kuti mwana afike zaka 25 kuti tiyambe kumupatsa ntchito pakhomo, ndipo tisamamuchitire chilichonse poopa kuti aswa mbale. Ndikudziwa mantha amene tonse tili nawo usiku, oti ine ndikadzafa adzamusunga ndani. Achibale amalandira msanga munthu amene ali ndi pogwira komanso anthu ena omudziwa kunja kwa banja. Tikumane m'magulu athu a banki m'khonde, mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi a ana otere akhoza kuyamba ndi khola limodzi la nkhuku ndi mtsikana mmodzi wa fomu 4 woti aziwathandizira, kenako n'kupita kwa a ofesi ya zosamalira anthu pa boma ndi chinthu chooneka m'manja kukapempha maphunziro ndi msika.

Akonzi, ndikupemphanso kuti mutumize mtolankhani wanu akafunse a MACODA ndi a TEVETA kuti mwa anthu amene awaphunzitsa ntchito zaka zisanu zapitazi ndi angati a ulumali wa mu ubongo, ndipo mwa amenewo ndi angati lero akulandira malipiro pakutha pa mwezi. Mayankho ake mutisindikizire m'Chichewa kuti ife akumudzi tiwerenge nawo.

Mayi wokhudzidwa,
Chiradzulu